Mmene a Tenson Ankayendera

Chalimbana, 9 Juni 2024

Wokondedwa Mwaiwathu,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joni kumeneko, ndipo chisanu sichinakulowe m'mafupa. Kuno tadzuka, kungoti magetsi akumazima tsiku lonse. Kalatayi ndikulemba pamanja monga mwa nthawi zonse, ndipo ndikaijambula pa foni mawa kusukulu, kumene kumapezeka netiweki.

Ndisanakuuze za ntchito imene unandituma, ndilole ndikukumbutse kanthu. Unali ndi zaka zinayi kapena zisanu. Mvula inali itangokata, ndipo atate ako, alongo anga a Tenson, ankapita kudambo kukamasula mbuzi. Iwe unawalondola pambuyo wopanda nsapato, ukuyesa kuponda momwe iwo apondamo m'matope. Mapazi awo anali otalikirana, ndiye unkachita kudumpha, kadiresi utakakwinyira m'manja. Ine ndi amayi ako tinali pakhonde tikusadzula ndiwo, ndipo tinaseka mpaka misozi. Atate ako sanacheuke, koma ndinaona kuti ayamba kuponda pafupipafupi kuti iwe ukwanitse. Papita zaka zambiri chiwaikire m'manda, koma utandiuza kuti ukupanga filimu ya zojambula yonena za iwo, tsiku limenelo ndi limene linandibwerera m'maso.

Unandilembera kuti chakukanika ndi mayendedwe awo, poti palibe vidiyo ngakhale imodzi yowaonetsa akuyenda, ndipo munthu yekhayo amene amayenda ngati iwo ndi mng'ono wawo, atate ako aang'ono a Vitalis. Choncho dzulo ndinakwera minibasi ya ku Kanakantapa, fumbi mpaka m'mano, kuti ndikawajambule.

Nditangotchula zojambula, a Vitalis anauza akazi awo a Tryness kuti atereke madzi. Anasamba, anameta ndevu, anatulutsa suti ija anavala pa ukwati wa mwana wawo Belinda, ndi nsapato zimene zimawaluma zala. Kenako anakaima pansi pa mtengo wa mango, chipewa pachifuwa, nkhope yolimba ngati ya pachitupa. Ndinawauza kuti mwana akufuna muziyenda, osati muime. Anandifunsa kuti munthu amajambulidwa bwanji akuyenda, kodi chithunzicho sichituluka chogwedera? Nditawafotokozera, anabwerera m'mbuyo, anapinda manja, n'kuyamba kubwera kwa ine pang'onopang'ono, mutu ataweramitsa, monga amachitira akanyamula mitulo kupita nayo kuguwa. A Tryness anaomba m'manja. Tinabwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse ulemu unkangowonjezeka.

Ndakutumizira zimene ndinajambula. Ntchito yanuyi sindiidziwa, mwina zikwanira. Koma kunena zoona, munthu ali m'vidiyomo sindinamuonepo akuyenda choncho kwina kulikonse kupatula m'tchalitchi.

Undiuze ngati ukudya bwino, ndiponso kuti filimuyi idzatha liti. Aphunzitsi anzanga amandifunsa kuti mwana wa alongo ako amagwira ntchito yanji ku Joni. Ndikati amajambula, iwo amaganiza kuti ndiwe wa m'maukwati.

Ndine zakhali wako,
Justina


Johannesburg, 21 Juni 2024

Azakhali anga,

Muli bwanji? Ine nili bwino, chisanu chabe. Nkhani ya matope ija naiwerengera m'basi, anthu achita kunipenya.

Vidiyo naiona. Musakhumudwe, koma siningaigwiritse ntchito ngakhale pang'ono. Ba Gilbert, mnzanga wa ku Kitwe amene tipanga naye filimuyi, aseka mpaka kukhala pansi. Ine sininaseke.

Lekani nikufotokozereni. Tigwirira m'kachipinda kuseri kwa shopu yokonza mafiriji. Ine nijambula, ba Gilbert apaka mitundu pa kompyuta ndi kuika phokoso. Kuti munthu wa m'filimu aponde kamodzi, ine nijambula mapepala ambiri pa tebulo la galasi lokhala ndi nyali pansi, pepala lililonse losiyana pang'ono ndi linzake. Ndiye nifunika kuona kuti phewa litsika liti, bondo lipinda pati, chidendene chifika bwanji pansi. Zimenezi zioneka munthu akadutsa cham'mbali, atavala zovala zake za masiku onse, osaganiza kuti pali womuyang'ana. Suti iphimba zonse.

Filimu yathu ni yaifupi, ndipo mulibe mawu. Mwamuna achoka kumunda madzulo kupita kunyumba, basi. Akumana ndi galu, aoloka kamtsinje, afika. Mayendedwe akalakwika, palibe filimu. A chikondwerero cha mafilimu afupiafupi kuno anatilandira ataona zithunzi zoyamba, koma afuna yomalizidwa pofika kumapeto kwa Januwale. Aka ni koyamba kutilandira paliponse.

Ba Gilbert ati nitaya nthawi. Ati m'makompyuta muli mayendedwe opangidwa kale, ungotenga n'kuwaveka munthu wako, ndipo palibe adzadziwa. Nawauza kuti ine nidzadziwa.

Nikatseka maso niwaona atate akubwera pamsewu, akupendekera mbali imodzi. Koma nikagwira pensulo athawa. Natumiza kavidiyo kakafupi ka zimene nayesa kuchokera m'mutu. Kupendekerako nakukokomeza dala, ndiye mmene timayambira, kenako n'kumachepetsa. Ni kanu nokha, chonde musaonetse munthu. Muniuze chabe ngati nayandikira.

Mukapitanso ku Kanakantapa, auzeni atate aang'ono avale zakumunda, inu muime pambali. Munipatsireko moni kwa amayi a Tryness. Nanga chifuwa chanu chija chinatha?

Mwana wanu,
Mwaiwathu


Chalimbana, 14 Julayi 2024

Mwanawe,

Moni. Chifuwa chinatha, zikomo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimasowa poyambira.

Kavidiyo kako kanafika kokha. Kalata imene inali nako inakana kutseguka mpaka sabata yotsatira, ndipo mmene ndimawerenga mawu oti ndisaonetse munthu n'kuti madzi atatayika kale. Nditaona chipewa cha atate ako chija, ndi malaya awo a thumba long'ambika, zikuyenda papepala ndi dzanja lako, mtima unandisefukira. Ndinakatumiza pa gulu la banja la pafoni, n'kulemba kuti onani zimene mwana wathu akuchita.

Woyamba kuyankha anali msuweni wako Fyness wa ku Kabwe. Anaika tinkhope toseka mzere wonse, n'kulemba kuti amenewa ndi a Vitalis enieni akuchokera kumowa. Ena anatsatira. Pofika Lamulungu kanali katatuluka m'banja, kali m'mafoni a achinyamata a kutchalitchi.

A Vitalis alibe foni yoonera zimenezi. Anawaonetsa ndi munthu wina kuchigayo, pakati pa anthu. A Tryness akuti amuna awowo anakaonera mpaka kutha, kenako anafunsa amene anali pafupi kuti, "Kodi niyenda chonchi?" 

Chiyambire tsikulo, alongo anga sayendanso pansi pamaso pa anthu. Kupita kwa mnansi wapafupi, njinga. Kumjigo, njinga. Kutchalitchi amafika msanga n'kukhala kumbuyo, ndipo amadikira onse atuluke. Mitulo anasiya kunyamula. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene moyo wake wonse sanaganizepo za miyendo yake, tsopano akuiyang'anira ngati mbuzi zakuba.

Dzulo ndinapita kukapepesa. Ndinawauza kuti wolakwa ndine, iwe unandiletsa. Anati kuletsako ndiye umboni woti iwe umadziwa kuti n'chinthu chochititsa manyazi. Ndinayesa kufotokoza zokokomeza zija, koma nanenso sindinazimvetse bwino. Anandipatsa kalata imene ndaijambula pamodzi ndi iyi. Uiwerenge utakhala pansi.

Funso lako loti wayandikira kapena ayi, sindidziwa ndiyankhe bwanji. Chipewa ndi chawo. Koma atate ako sankaoneka ovutika poyenda. Munthu wa pavidiyo yako akuoneka ngati akumva kuwawa.

Undikhululukire, ndipo undilembere msanga.

Justina


Kanakantapa, 13 Julayi 2024

Kwa mwana wanga Mwaiwathu,

Moni. Ife kuno tiliko, njala chabe, chifukwa mvula ya chaka chino inatinamiza. Amayi ako a Tryness apereka moni.

Nalemba kuti nikufunse. Mkulu wanga Tenson anakulakwira chiyani? Anakulera, anakutumiza kusukulu, sanakumenyepo. Manje iwe wamujambula ngati chidakwa, anthu a ku Kabwe aseke. Makatuni tiwadziwa ife. Ni aja a m'nyuzipepala, munthu amupatsa mimba yaikulu ndi mphuno ngati mbatata kuti anyozeke. Aja achitira anthu andale amene ali moyo, angathe kudziyankhira. Wakufa sayankha, ndiye niyankha ndine.

Mkulu wanga sanali wotsimphina. Ine sinitsimphina. Ninavala suti yanga kuti nikulemekeze, osadziwa kuti ufuna chosekesa anthu a kunja.

Usatumenso azakhali ako ndi foni pakhomo panga. Iwo abwere ngati mlongo wanga, foni isale ku Chalimbana.

Ndine atate ako,
Vitalis


Johannesburg, 28 Julayi 2024

Atate anga aang'ono,

Nikupatsani moni ndi maondo pansi. Muli bwanji ndi amayi? Kalata yanu nalandira, ndipo yanipweteka chifukwa nakupwetekani.

Sininafune kunyoza atate, kapena inu. Si makatuni onse ali oseketsa. Ena tipanga ngati mmene munthu aimbira nyimbo ya maliro, kuti amene anapita asaiwalike. Zimene munaona zinali zoyeserera, ngati mmisiri wa njerwa akaumba yoyamba kuti aone dothi. Sizinali zoti zituluke panja.

Atate anamwalira ine nili kutali. Chithunzi chawo nili nacho, koma pachithunzi aima. Ine niwakumbuka akuyenda, ndipo nayamba kuiwala. Inu nokha ndimwe mwasala ndi mayendedwe amenewo padziko lonse. Nikupemphani, lolani azakhali akujambuleni kamodzi chabe. Palibe wina adzaona, nilumbira.

China, atate. Azakhali aniuza kuti masiku ano muyenda panjinga paliponse. Ngati mwendo uja wayamba kuvuta, chonde musabise. Zinthu za m'chiuno ndi m'mabondo zichiritsika masiku ano zikagwidwa msanga. Mupite ku Lusaka akakuunikeni, ine nidzathandiza. Mwina atate akanapita msanga sakanavutika nawo moyo wonse.

Niyembekeza kumva kwa inu.

Mwana wanu,
Mwaiwathu


Chalimbana, 8 Sepitembala 2024

Mwai,

Moni mwanawe. Kuno kwatentha, mphepo ikungonyamula fumbi ndi mapepala. Uli bwanji?

Kalata yako ndinaikopera papepala, poti foni analetsa, ndipo ndinakawawerengera ndekha. Poyamba zinkayenda. Pa mawu a nyimbo ya maliro anayang'ana pansi, ndipo a Tryness anapukuta m'maso ndi chitenje. Ndikanadziwa ndikanalekera pomwepo. Koma ndine mphunzitsi, ndinazolowera kuwerenga mpaka pomaliza. Nditafika pa za kuchipatala, anaimirira n'kunena kuti, "Poyamba ninali chidakwa, manje nadwala. Mawa adzanigulira ndodo." Analowa m'nyumba. Ukanandifunsa kaye, Mwai. Unalemba ndi mtima wabwino, koma unathira mchere pabala.

Sabata yatha ndinachita chinthu chimene sindinyadira. Ndinapita ndi foni nditaibisa m'chitenje. M'mawa, iwo akupita kukhola, ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe kuti ndiwajambule cham'mbali monga unanenera. Ndinaiwala kuti chaka chino nkhokwe ilibe kanthu, munthu amaonekera m'mipata. Anaima pakati pa bwalo nati, "Justina, mphunzitsi wathunthu, kubisala kuseri kwa nkhokwe yopanda chimanga?" Sanakalipe. Anangobwerera n'kukatenga njinga, ulendo wa kukhola lomwe lili pomwepo.

Pobwerera sanandiperekeze. Chiyambire ndili mwana, alongo anga sanandilolepo kuchoka pakhomo pawo ndekha. Ngakhale titakangana, ankanditengera chikwama mpaka pamsewu. Tsikulo ndinayenda ndekha mpaka pokwerera minibasi, ndipo njira ija sindinaidziwe kuti ndi yaitali choncho.

Ndakhala ndikuyesa ndekha m'kalasi ana akaweruka, kuyenda kuchokera pabolodi mpaka kuchitseko, kuti mwina thupi langa likumbuka zimene maso aiwala. Palibe chimene chikutuluka. Ndikumangokhala mayi wonenepa wopendekera pakati pa madesiki.

Ndatopa, mwanawe. Ndili pakati pa anthu awiri ouma mutu a magazi amodzi, ndipo aliyense akuti ndine ndaononga. Usanditumenso. Ngati anzako a Gilbert ali ndi njira ina, mwina uwamvere. Filimu idzatha, koma ine mlongo ndatsala naye mmodzi.

Justina


Johannesburg, 20 Okutobala 2024

Azakhali,

Muli bwanji? Pepani nakhala chete. Ninakwiya, kenako ninachita manyazi chifukwa chokwiya.

Ninakumverani. Ninauza ba Gilbert atenge mayendedwe a m'kompyuta aja. Anasankha amene analembedwa kuti ni a mwamuna wachikulire wotopa, ine n'kujambula atate pamwamba pake. Tagwira masabata atatu. Dzulo tinaika zonse pamodzi n'kuonera. Ba Gilbert ati ni zabwino, ndipo sananame, ziyenda bwino, phazi silitsetsereka, galu athamanga bwino, kamtsinje kamveka. Koma ine naona mlendo atavala chipewa cha atate, akupita kunyumba kwathu. Ninafuna kumufunsa kuti ndinu ndani, mufuna chiyani pakhomo pano.

Nauza ba Gilbert kuti iyi siituluka. Takangana kwambiri. Ati naye waikapo chaka chake chonse, ndipo filimu si manda a banja limodzi. Ali ndi mfundo. Tagwirizana kuti nidikire mpaka kumapeto kwa Novembala. Pakapanda kusintha kanthu, nidzalembera a chikondwerero kuti tachokamo, iye adzafune wina wogwira naye.

Sinikutumani kanthu. Nili chabe ndi funso, limene nadabwa kuti sininafunsepo munthu. Kodi atate anavulala liti? Anagwa mumtengo, kapena anabadwa tero? Nanga zinatheka bwanji kuti avulale onse awiri mofanana? Ine ninakula nikuganiza kuti ni chilema chimene pabanja sitikamba, ndiye sininakambe. Ngati mudziwa, muniuze, ningodziwa chabe.

Mvula yayamba kumeneko?

Mwaiwathu


Chalimbana, 24 Novembala 2024

Wokondedwa Mwai,

Moni mwanawe. Mvula yagwa, yeniyeni, yonunkhiritsa dothi. Funso lako ndakhala nalo mwezi wathunthu osaliyankha, chifukwa yankho ndinalibe. Chinthu chimene wakula nacho suchifunsa. Alongo anga ankayenda choncho monga mmene ena amakhalira amanzere.

Lachinayi a Tryness anandiimbira kuti ndikawathandize kuponya mbewu, poti msana ukuwavuta. Ndinakayikira, koma dzulo ndinapita, ndipo ndinawapeza ali kale m'munda. Ng'ombe zawo ziwiri, Kapitao ndi Sitima, zaonda ndi chilala, nthiti zikuwerengeka, koma zimakoka. A Tryness anali kutsogolo ndi chingwe. A Vitalis anali pambuyo atagwira pulawo, atavala ovolosi yong'ambika pabondo. Pulawo salola munthu kuganiza za amene akumuyang'ana. Ndinaima m'mphepete mwa munda, ndipo anandidutsa cham'mbali.

Phazi lamanja linkaponda m'kangalande kamene pulawo yangokumba, lamanzere pamtunda posalimidwa. Choncho thupi lonse linkatsikira kumanja, phewa likugwa n'kudzuka, manja ali patsogolo motalikirana. Atafika kumapeto kwa mzere anaimitsa ng'ombe, anasiya pulawo n'kupita pamtengo kukamwa madzi. Pansi panali posalala, koma anayendabe chimodzimodzi, ngati kangalande kaja kakuwatsatira. Mwai, ndinaona atate ako. Ndinakhala pansi m'dothi lonyowa.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbuka. Tili ku Chadiza, agogo ako anawaika onse awiri papulawo ali ana, mafupa asanakhwime. Ankalima munda wathu, kenako minda ya anthu, mvula yonse, chaka ndi chaka. Ine ndinatumizidwa kusukulu ya amishoni, ndinakulira pabenchi, n'chifukwa chake ndimayenda mowongoka. Titasamukira kuno ng'ombe zinatha ndi matenda iwe usanabadwe, ndipo atate ako analima ndi khasu mpaka imfa. A Vitalis agula ng'ombezi posachedwapa. Iwe sunaonepo atate ako ali pambuyo pa pulawo.

Popuma ndinawafunsa funso lako, mmene unalilembera. Anaseka, koyamba chiyambire Julayi.

"Kuvulala kuti? Ni pulawo."

Kenako anayamba kufikisa dothi m'manja. Anafunsa ngati ndi zoona kuti iwe wakula ukuganiza kuti atate ako anali olumala. Ndinati ndi zoona, ndipo unkawakonda choncho. Anafunsa ngati ndabwera ndi foni. Ndinavomera mwamantha kuti ili m'chikwama. Anati ndiwaonetsenso kavidiyo kaja. Anakaonera kawiri, atakayandikitsa kumaso.

"Chipewa ni chake," anatero. "Koma wamupendeketsa kumanzere. Angalime bwanji tero? Dothi ligwera kumanja."

Ndinaona kuti tsopano chawakwiyitsa ndi china, ndiye ndinawauza zonse: za mlendo wa m'kompyuta, za kukangana kwanu ndi a Gilbert, ndi zoti kumapeto kwa mwezi uno ukuisiya filimu. Anafunsa kuti ukaisiya, mapepala onse aja apita kuti. Ndinati mwina m'katoni pansi pa bedi.

"Mkulu wanga m'katoni," anatero. Anaimirira n'kukonza goli pakhosi pa Sitima, ngakhale linali bwinobwino. Ali chondifulatira anati, "Kujambulidwa sinifuna, ninakana kale. Muuze abwere agwire pulawo yekha. Mwendo wake udzamuuza."

Anati akusiyira chigawo cha kuchulu chosalima. Apa a Tryness anakana kwamtuwagalu. Anati chaka chino tagona ndi njala, lero mvula yabwera, munthu n'kusiya dothi labwino koposa likudikira wa ku Joni amene mwina sabwera n'komwe? Anakangana ine ndikuponya mbewu pakati pawo. Pomaliza anagwirizana kuti adikira mpaka sabata yoyamba ya Disembala ithe. Ikatha, alima okha.

A Tryness sakulakwa, Mwai. Tsiku lililonse limene chigawocho chikhala chosabzala ndi chakudya chimene akuchotsa pakamwa pawo. Ngati sungathe kubwera, unene msanga, usawasunge. Ngati ungathe, usalembe zambiri. Makalata ako aatali tawaona ntchito yake.

Zakhali wako,
Justina


Johannesburg, 27 Novembala 2024

Atate anga aang'ono,

Moni kwa inu ndi amayi a Tryness. Muli bwanji?

Nagula tikiti ya basi. Ninyamuka Lachitatu la sabata ya mawa, nifika ku Lusaka Lachinayi pakapanda zovuta pamalire, ndipo Lachisanu pa 6 Disembala nidzakhala pa Chongwe, kufupi ndi kwanu. Ba Gilbert adandaula kuti nthawi yatsala yochepa, koma avomera kuyamba kukonza kamtsinje ndi galu ine kulibe. Ati nikabwera opanda mayendedwe nisabwerenso.

Pulawo sininaigwirepo. Ng'ombe niziopa. Amayi a Tryness auzeni kuti mbewu ya kuchulu nidzaponya nawo mpaka ithe.

Nibwere ndi chiyani?

Mwana wanu,
Mwaiwathu


Kanakantapa, 30 Novembala 2024

Mwaiwathu,

Moni. Tiliko. Mawu ako azakhali ako atiwerengera, ndipo nawalola ajambule kalata iyi.

Azakhali ako adzakudikira pa Chongwe Lachisanu, mudzabwere pamodzi. Loweruka tilowa m'munda kukangocha, ng'ombe zisanatope ndi dzuwa. Usachedwe, udzu wayamba kumera kuchulu ndipo amayi ako auyang'ana tsiku lililonse n'kuniyang'ana ine.

Ubwere ndi nsapato zolimba. Foni idzasala m'nyumba. Kapitao sakonda munthu wokuwa, ukambe naye bwino. Udzagwa, usadandaule. Atate ako tsiku loyamba anakokedwa chamimba mpaka kumalire a munda, pulawo osaisiya.

Mapepala ndi mapensulo ako ubwere nawo. Tikaweruka kumunda udzajambula pakhonde, ine nidzakhala pambali. Munthu wa papepalayo akakhala mkulu wanga nidzakuuza. Akapanda kukhala iye, m'mawa mwake tibwereranso kumunda.

Ndine atate ako,
Vitalis